Akakuuzani Kusukulu Kuti Kulibe Mulungu

Mwana wokulira m'Malawi muno angathe kufika Fomu 4 asanakumanepo ndi munthu wonena poyera kuti kulibe Mulungu. Osapita kutchalitchi amawadziwa, oledzera Lamulungu m'mawa amawadziwanso, koma ngakhale iwowo maliro akagwa amayimba nawo nyimbo, ndipo akadwala amati "mutipempherere". Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu amene anati alibe chipembedzo anali pafupifupi awiri okha pa 100 alionse. Ndiye tsiku limene wophunzira wamva mnzake wanzeru, waulemu, wokhoza bwino m'kalasi, akunena mosapsa mtima kuti za Mulungu n'chimodzimodzi nthano za kalulu ndi fisi, mtima umamugunda mwachilendo. Ku Sande sukulu anamuchenjeza za mowa, chiwerewere ndi ufiti. Za munthu wofunsa umboni sanamuuzepo.

Ku sekondale nkhaniyi imatulukira mu History pa mutu wa chiyambi cha munthu, n'kudzabweranso mu Biology ya MSCE pa mutu wa evolution, chiphunzitso choti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono m'mibadwo. Ku koleji imabwera mu filosofi ndi sociology, pamene aphunzitsi akufotokoza zimene Karl Marx kapena Sigmund Freud ankanena za chipembedzo. Koma ambiri masiku ano sakuimvera kwa mphunzitsi n'komwe. Akuipeza pafoni, usiku ku hostel, bandulo isanathe. Opita kukaphunzira ku Britain ndiye amapeza zinthu zitatembenuka: kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza Akhristu 46 pa 100 ndipo opanda chipembedzo 37 pa 100.

Mmene ndimaionera nkhaniyi, chikhulupiriro cha wophunzira sichigwa kawirikawiri chifukwa choti funso linali lolimba. Chimagwa chifukwa munthu amene ankamudalira anamupatsa yankho labodza, kapena anamuletsa kufunsa, ndipo tsiku limene anatulukira bodzalo anayamba kukayikira zonse zimene munthuyo anamuuzapo, zoona zomwe.

Dziwani kaye amene akulankhula

Si mawu onse otsutsa Mulungu amene ali funso. Mphunzitsi akamafotokoza chifukwa chimene katswiri wa filosofi David Hume ankakayikira zozizwitsa, sakulimbana nanu. Akugwira ntchito imene amalandirira malipiro, ndipo mwina iyeyo ndi mkulu wa mpingo kwawo. Mesho wanu wofunsa kuti "ngati Mulungu analenga zonse, nanga iye anamulenga ndani?" ameneyo wafunsa zenizeni. Wokuwa pamzere wa chakudya kuti "abusa afika, bisani mabotolo" akungofuna anthu aseke. Sekani nawo, dutsani. Pali wina amene ambiri amamuphonya: amene mayi ake anamwalira mpingo wonse utasala kudya masiku atatu, kapena amene mneneri anamudyera ndalama ya fizi. Uyu akamati kulibe Mulungu akukuonetsani bala, ndipo mfundo za filosofi kwa iye zili ngati tsabola.

Muwasiyanitse pofunsa musanayankhe. "Unafika bwanji poganiza choncho?" Kenako, "Mulungu amene sukumukhulupirirayo ndi wotani?" Mverani mpaka amalize, osakonza yankho m'mutu iye akulankhula. Nthawi zambiri mupeza kuti Mulungu akumukanayo, wogulitsa madalitso, wokantha mwana chifukwa cha tchimo la agogo, nanunso simumukhulupirira.

Khalani ndi kope lapadera, tsamba lililonse muligawe patatu. Koyamba lembani funso monga momwe mwini wake analifunsira, osalifewetsa kuti likhale losavuta kugwetsa. Pakati lembani zokhazo zimene mukuzidziwa motsimikiza. Kumapeto lembani amene mukamufunse kapena kumene mukawerenge. Funso lachilendo musaliyankhe tsiku lomwelo. Nenani kuti "sindikudziwa, undipatse mpaka Lachisanu", ndipo Lachisanulo mubweredi, ngakhale mutapeza theka lokha la yankho. Ambiri amalakwa apa: amalonjeza n'kuzemba, ndipo mnzawo amaona ngati nkhani yatha iye atapambana. Cholakwika china ndi kulola mafunso khumi nthawi imodzi, za Kaini, za akapolo, za Nowa, za abusa akuba, zonse m'mphindi zisanu. Palibe angayankhe motero. Uzani mnzanu asankhe limodzi lomuvutitsa kwambiri, mukhale pa lomwelo mpaka mulitsirize.

Funso loti Mulungu anamulenga ndani lili ndi yankho lalifupi. Chikhristu sichinena kuti chilichonse chili ndi wochipanga; chimanena kuti chilichonse chimene chinayamba chili ndi chochiyambitsa, ndipo Mulungu sanayambe. Wosakhulupirira nayenso amaima penapake: amati chilengedwe, kapena malamulo amene chimayendera, zinangokhalapo. Mfundoyi siikakamiza munthu kukhulupirira, koma imaonetsa kuti funsolo limaluma mbali zonse ziwiri.

Zida zothyoka zimene muyenera kutaya lero

M'magulu a WhatsApp a Akhristu mumayenda nkhani zimene wophunzira wa chaka choyamba angazigwetse ndi foni m'mphindi ziwiri. Yoti amuna ali ndi nthiti imodzi yochepa poyerekeza ndi akazi ndi yabodza. Onse ali nazo 24, 12 mbali iliyonse, ndipo mnzanu wa ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, anaziwerenga ndi manja ake. Genesis nayenso sanena kuti ana a Adamu anabadwa opereweredwa nthiti. Yoti Charles Darwin analapa n'kukana chiphunzitso chake cha evolution ali pafupi kumwalira ndi yabodza. Ana ake anaitsutsa. Yoti makompyuta a NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, anapeza tsiku losowa la Yoswa, yoti okumba chitsime ku Siberia anajambula kulira kwa anthu a kugehena, yoti Albert Einstein ali mnyamata anachititsa manyazi pulofesa wosakhulupirira Mulungu, zonsezi n'zopeka. Kuzitumiza ndi kuchita umboni wonama, ngakhale cholinga chikhale chabwino.

Tayaninso funso lija loti "ngati tinachokera kwa anyani, bwanji anyani akadalipo?" Evolution siinena kuti anyani a pa Zomba ndi agogo athu. Imanena kuti anthu ndi anyani akuluakulu monga chimpanzi anachokera ku kholo limodzi lakalekale, monga mmene inu ndi msuweni wanu mulili ndi agogo amodzi popanda wina kubala mnzake. Mungathe kutsutsana nacho chiphunzitsocho, koma tsutsani zimene chimanenadi. Chimodzimodzi mawu oti "ndi theory chabe": mu sayansi liwuli silitanthauza kungoganizira, limatanthauza kafotokozedwe kamene kayesedwa kambirimbiri. Ndipo Masalmo 14:1, vesi lonena za chitsiru, musalisandutse mwala wogendera mnzanu. Mateyu 5:22 ali ndi chenjezo kwa wotchula mbale wake chitsiru.

Mbali inayo ilinso ndi zabodza zake, ndipo muzidziwe. Yoti nkhani ya Yesu anaikopera kwa Horus wa ku Iguputo, yemwe amati anali ndi ophunzira 12 ndipo anapachikidwa, mulibe m'zolemba zakale za Aiguputo. Yoti Mfumu Constantine ndiye anasankha mabuku a m'Baibulo pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325 si yoona. Msonkhanowo unakambirana za umulungu wa Khristu ndi tsiku la Pasaka. Mukamva zotere funsani modekha kuti, "Zinalembedwa pati? Tiye tikaone tonse." Koma muyezo umenewu muugwiritsenso ntchito pa zimene mwatumiziridwa ndi a kwaya.

Chibwano cha ku Karonga

Mafupa akale si nkhani ya ku Ulaya yokha. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano chimene amachiyika m'gulu la Homo rudolfensis, mtundu wa anthu akalekale, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Kumalo osungirako zinthu zakale ku Karonga komweko kuli chifaniziro cha chigoba cha Malawisaurus, chinyama chamtundu wa dinosaur chimene mafupa ake anakumbidwa m'boma lomwelo. Mwana amene anauzidwa kuti zonsezi azungu anangopeka, akadzaima patsogolo pa chigobacho, adzasankha maso ake, ndipo adzayamba kudabwa kuti china chimene anamunamiza n'chiyani.

Zofunika kudziwa ndi izi. Chiwerengero choti dziko lili ndi zaka 6,000 mulibe m'vesi lililonse. Chinatchuka ndi bishopu wa ku Ireland, James Ussher, amene mu 1650 anawonkhetsa mibadwo ya m'Baibulo n'kupeza chaka cha 4004 BC. Asayansi amati dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, chilengedwe chonse 13.8 biliyoni. Akhristu okonda Baibulo amasiyana pa nkhaniyi. A Seventh Day Adventist ndi mipingo ina amagwiritsa kuti masiku asanu ndi limodzi aja anali a maola 24. Ena amati "tsiku" likuimira nyengo yaitali. Mpingo wa Katolika, kuyambira ndi kalata ya Papa Pius XII ya 1950 komanso mawu a Papa John Paul II mu 1996, umalola kuti thupi likhoza kukhala kuti linadzera m'kusintha kwa zamoyo, koma mzimu wa munthu umalengedwa ndi Mulungu. Ndipo kalekale Darwin asanabadwe, Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anachenjeza kuti Mkhristu wolankhula zopanda pake za nyenyezi ndi nyama, n'kumati Malemba ndiwo akutero, amachititsa kuti akunja aseke Malembawo.

Funsani abusa kapena abambo a parishi zimene mpingo wanu umaphunzitsa, ndi zifukwa zake. Koma langizo langa ndi loti musamangirire chipulumutso chanu pa zaka za miyala. Magulu onsewa amavomereza limodzi kuti Mulungu ndiye Mlengi ndipo munthu ali m'chifanizo chake.

Dziwaninso pamene sayansi imathera. Imafotokoza mmene zinthu zimachitikira. Madzi akuwira pambaula chifukwa makala awatenthetsa kufika madigiri 100; madzi omwewo akuwira chifukwa amayi akufuna kuphika nsima. Mayankho onsewa ndi oona, ndipo loyambalo silifafaniza lachiwirilo. Mphunzitsi akati "zamoyo zimasintha m'mibadwo", akunena sayansi. Akawonjezera kuti "choncho kulibe Mulungu", wachoka mu labu walowa mu filosofi, ndipo mungamufunse mwaulemu kuti ndi kuyesa kuti kumene kunaonetsa zimenezo. Malamulo a chibadwa amene mumaloweza mu Biology anawapeza ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene ankadzala nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke n'kufalitsa zotsatira zake mu 1866. Amene anafotokoza mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, maziko a chimene lero timati Big Bang, anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, anali wosakhulupirira ndipo anatembenuka ali dokotala wachinyamata. Mayinawa satsimikizira kuti Mulungu aliko. Asayansi ena otchuka sakhulupirira. Amangogwetsa mfundo yoti wophunzira kwambiri ayenera kusiya kupemphera.

Pamayeso yankhani zimene mwafunsidwa. Funso likati fotokozani natural selection, fotokozani bwino lomwe: kusiyana kwa zamoyo za mtundu umodzi, kuchulukana kopitirira chakudya, kupulumuka kwa zoyenerana ndi malo, kupatsira ana makhalidwewo. Kulemba Genesis 1 pa pepala la Biology kumabweretsa ziro, ndipo wochonga wa MANEB satembenuka mtima nazo. Ngati chikumbumtima chikukuvutani, yambani ndi mawu oti "malinga ndi Darwin". Danieli anaphunzira nzeru zonse za Ababulo zaka zitatu n'kupambana anzake. Anakana chakudya cha mfumu, sanakane sukulu.

"N'chipembedzo cha azungu"

Funso ili limapweteka chifukwa lili ndi choonadi mkati, ndipo wokana choonadicho waluza asanayambe. Amishoni oyamba a ku Blantyre, amene anafika mu 1876, anakwapula anthu mwankhanza mpaka mpingo wa ku Scotland unachotsa ena a iwo. Mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa unaikira kumbuyo tsankho la apartheid ndi mavesi. Vomerezani zimenezi osazungulira.

Kenako onjezerani mbali imene mnzanu sanauzidwe. Mdindo wa ku Itiyopiya akubatizidwa pa Machitidwe 8, Paulo asanaponde ku Ulaya. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Itiyopiya, inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, pamene Augustine wina, wa ku Canterbury, anafika kwa makolo a Angerezi mu 597. Tertullian wa ku Carthage ndi Athanasius wa ku Alexandria, amene anaumba kaganizidwe ka mpingo wonse, anali a kuno ku Africa. Kwathu kuno amene anatsegula njira ya uthenga kwa Angoni a M'mbelwa anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale. John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, anali mbusa, ndipo mphamvu yokanira thangata anaipeza m'Baibulo lomwelo. Pa 8 March 1992 chimene chinagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi chinali kalata ya maepiskopi yowerengedwa m'matchalitchi, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anali m'gulu la oyamba kuguba poikira kumbuyo kalatayo. Komanso amishoni sanabwere ndi dzina la Mulungu m'sutikesi. Anapeza makolo akutchula kale Chauta, Namalenga, Mphambe, ndipo mayinawo ndi amene timayimba nawo lero.

Pamene pali phata

Wina akakuonetsani kuti Mateyu 27:5 akuti Yudasi anadzipachika pamene Machitidwe 1:18 akuti anagwa chamutu n'kuphulika, musanamizire kuti simukuona kusiyana. Ena amagwirizanitsa nkhani ziwirizi, ena amati olembawo anamva mosiyana, monga zimakhalira ndi mboni za ngozi imodzi. Dziwaninso, asanakudzidzimutseni ena, kuti Marko 16:9-20 ndi nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 7:53-8:11 mulibe m'mipukutu yakale kwambiri. Si chinsinsi, Mabaibulo ambiri amalemba zimenezi m'munsi mwa tsamba, ndipo ambiri mwa amene anazifufuza anali akatswiri achikhristu.

Paulo mwini anatchula malo amodzi pamene Chikhristu chingagwere. Pa 1 Akorinto 15:14 akuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe. Nthawi yanu yambiri yowerenga ithere pamenepa. Kalatayi inalembedwa cha m'ma 55 AD, patangopita zaka zosakwana 30 Yesu atapachikidwa, ndipo mavesi 3 mpaka 8 akutchula mboni: Kefa (Petro), khumi ndi awiriwo, abale oposa 500 amene ambiri anali akadali moyo, ndi Yakobo. Tacitus, wolemba mbiri wachiroma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo. Mwala wolembedwa dzina la Pilato unapezeka ku Caesarea mu 1961. Akatswiri a mbiri pafupifupi onse, kuphatikizapo osakhulupirira monga Bart Ehrman, amavomereza kuti Yesu anakhalako, anapachikidwa, ndipo ophunzira ake anakhulupirira ndi mtima wonse kuti amuona wamoyo. Mkangano uli pa chimene chinawachititsa kutero. Mbiri siingakukokereni kuguwa, koma mnzanu nayenso ali ndi ntchito yofotokoza chimene chinasintha anthu othawa aja, ndi chifukwa chimene wopeka nkhani akanaikira akazi kukhala mboni zoyamba m'dziko limene umboni wa mkazi unkapeputsidwa.

Funso lolemera kuposa onse ndi la masautso, ndipo apa chepetsani mawu. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Chilobwe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja usiku, opemphera ndi osapemphera. Mnzanu akafunsa kuti Mulungu anali kuti, musayerekeze kunena kuti chinali chilango. Yesu anakana kaganizidwe kameneka pa Luka 13, ponena za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, ndiponso pa Yohane 9. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete. Atayamba kufotokoza, Mulungu anawadzudzula. Mbali ina ya tsokalo ili m'manja mwa anthu, kudula mitengo ndi umphawi wokankhira anthu kumanga m'mphepete mwa phiri, koma zimenezo sizifotokoza zonse, ndipo nenani choncho. Chimene Mkhristu ali nacho ndi Mulungu amene mwini wake anafuula pamtanda kuti "mwandisiyiranji", ndi lonjezo loti imfa idzagonjetsedwa. Tsiku lina, osati pamaliro, mungafunse mnzanu kuti mkwiyo wake woti "siziyenera kukhala chonchi" waima pa chiyani ngati chilengedwe chilibe cholinga. Ali ndi mayankho ake, ndipo muwamvere.

Pali zina zimene osakhulupirira amanena zoona, ndipo Mkhristu ayenera kukhala woyamba kuvomera. George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anamenyera nkhondo agogo amene ankatsekeredwa m'ndende powanamizira ufiti, pamene lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Ambiri mwa otchulawo anali anthu opemphera. Alipo aneneri ouza odwala kuti asiye ma ARV, ndi ogulitsa mafuta ndi madzi kwa amayi amasiye. Musawateteze. Mika 3:11 ndi Mateyu 7:21-23 anawadzudzula kale kuposa mmene mnzanuyo angachitire.

Mphunzitsi akapyola malire

Kuphunzitsa mfundo yotsutsana ndi chikhulupiriro chanu si mlandu. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo ndi ufulu wa maphunziro m'chiganizo chimodzi, kutanthauza kuti limateteza inu ndi iye yemwe. Mlandu umayamba akamakutchulani dzina kuti anzanu akusekeni, kapena akakuchotserani malikisi chifukwa cha chikhulupiriro osati chifukwa cha ntchito yanu. Zikatero musakangane naye pagulu. Mphunzitsi wochititsidwa manyazi pamaso pa kalasi sabwerera m'mbuyo. Lembani tsiku, mawu enieni amene ananena, ndi anzanu awiri amene anamva. Kaonaneni naye ku ofesi muli awiri, mumuuze mwaulemu. Zikapitirira, ku sekondale pitani kwa mphunzitsi woyang'anira kalasi yanu kapena patironi wa gulu lanu la mapemphero, kenako kwa ahedi. Ku koleji kwa mkulu wa dipatimenti, kenako kwa woyang'anira za ophunzira. Pa malikisi pemphani kuti pepala lichongedwenso motsata ndondomeko ya sukuluyo. Koma dzifunseni moona: asayimenti yofuna kuti mufotokoze mfundo ya Hume, inu n'kulembamo ulaliki, yalephera mwachilungamo. Fotokozani mfundo ya wotsutsayo mpaka iye mwini atavomera kuti mwamumva, kenako muyankhe.

Kumbukiraninso kuti m'sukulu za kuno wosakhulupirira ndiye amakhala yekha. Mwina kwawo sakudziwa, akuopa kuti amusiyira kulipira fizi. Zimene wakuuzani pa awiri musakazitulutse ku mapemphero ngati "pempho la pemphero" lokhala ndi dzina lake.

Zimene zimasunga munthu

Ambiri amene amachoka sachoka tsiku la mtsutso. Amayamba ndi kujomba Lamulungu limodzi chifukwa cha asayimenti, kenako atatu, ndipo mfundo za osakhulupirira zimadzapeza nyumba ili kale yopanda anthu. Pezani gulu la mapemphero m'masabata awiri oyamba a semesita, ndandanda isanadzaze: SCOM, YCS, CCAPSO, gulu la Adventist, kapena mpingo wapafupi. Gulu labwino mulidziwa pofunsa funso lovuta n'kuona nkhope zawo. Thawani gulu lochititsa mapemphero a usiku wonse sabata ya mayeso n'kumati Mzimu akukumbutsani zimene simunawerenge. Misonkhano iwiri pasabata ndi Lamulungu n'zokwana. Wopita ku misonkhano isanu n'kuchotsedwa sukulu kumapeto kwa chaka chifukwa cholephera mayeso wapereka kwa onyoza umboni woposa mabuku awo onse.

Werengani Baibulo m'machaputala athunthu, osati kavesi ka tsiku kobwera pafoni. Marko ali ndi machaputala 16, Luka 24, Machitidwe 28. Chaputala chimodzi patsiku, mphindi 15, ndi masiku 68. Mumaliza mayeso a semesita asanafike. Pamene Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922 chakuvutani, yerekezani ndi Buku Loyera la 1998. Mesho akavomera, werengani naye Marko, inunso muvomere kuwerenga chimodzi cha zake, kope lija lili pambali. Mavidiyo a mitsutso muwaikire malire. Foni ikaona kuti mwaonera imodzi imakubweretserani makumi ena ofanana nayo, ndipo pofika 2 koloko usiku mumaona ngati dziko lonse lasiya kukhulupirira.

Kukayika kukakufikani inuyo, musakubise. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma anthu kukafunsa ngati Yesu analidi iye, ndipo Yesu anamuyankha ndi umboni osati chidzudzulo. Tomasi anakhala sabata yathunthu asakukhulupirira, koma anakhalabe pakati pa anzake, ndipo n'komwe yankho linamupeza. Onaninso ngati chikukuvutani ndi mfundo kapena china. Wodya kamodzi patsiku chifukwa ndalama ya loni yachedwa, wosagona, kapena wolowa chibwenzi chimene chikumbumtima chikumutsutsa nacho, amamva ngati Mulungu watalikira, ndipo mankhwala ake si buku la filosofi. Ngati papita masabata awiri musakugona bwino, musakufuna kudya, kapena mukuganiza zodzipha, pitani kwa mlangizi wa pasukulu kapena kuchipatala tsiku lomwelo, pemphero likuyenda limodzi.

Wouza mafunso anu akhale wamkulu amene anawerengako: wansembe kapena mbusa woyang'anira ophunzira, mphunzitsi wachikhristu wa sayansi, kapena mbusa amene anadutsa ku koleji ya zaubusa monga ya ku Zomba. Akangoti "ndi ziwanda, gwada", thokozani, mukafunse wina.

Kwa inu makolo ndi akulu a mpingo: mwana akabwera kutchuthi n'kufunsa pa mphasa kuti Kaini anakwatira ndani, kapena chifukwa chimene Mulungu analolera Freddy, musamuopseze ndi kuleka kulipira fizi, ndipo musaitane anthu odzamutulutsa mizimu. Kufunsa kwakeko kukuonetsa kuti akadakudalirani. Muuzeni zimene mukudziwa, zimene simukudziwa muvomere, ndipo sabata yomweyo mupite naye kwa munthu amene angakhale naye pansi maola awiri, Baibulo ndi buku lake la Biology zili patebulo.